Madzi Osefukira ndi Milatho Yakale m'Boma la Kasungu

Mitsinje ikuluikulu ya m'boma la Kasungu ndi Bua, Rusa, Lingadzi ndi Dwangwa. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, ndipo ukalandira madzi a Rusa umakathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Popeza dera la Kasungu ndi lachidikha, madzi a mvula amayamba adzaza madambo, kenaka n'kutsikira m'mitsinje. N'chifukwa chake mtsinje umatha kusefukira pamalo pomwe mvula sinagwe tsiku limenelo.

Mlatho wakale umaonongeka m'njira zitatu. Choyamba, madzi othamanga amakumba mchenga ndi dothi pansi pa zipilala, moti mlatho umaoneka wabwinobwino pamwamba pamene maziko ake ali lende. Chachiwiri, mitengo, mabango ndi zinyalala zimatseka njira ya madzi, ndipo madziwo akasowa podutsa amadya dothi lolumikiza msewu ndi mlatho. Chachitatu, pa milatho yamatabwa chinyezi chimaoletsa mitanda, misomali n'kuchita dzimbiri.

Kudula mitengo yomangira zigafa ndi yochizira fodya, kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje ndiponso kukumba mchenga pafupi ndi milatho kumakulitsa vutoli. Nthaka yokokoloka imakwirira mtsinje, choncho madzi amafika pamwamba pa mlatho msanga. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira m'boma la Nkhotakota, mabanja ambiri anasowa pokhala ndipo msewu wa M5 unaduka.

Mvula imatha cha mu April, nyengo yomwe alimi amayamba kutumiza mabelo a fodya ku msika wa Chinkhoma. Apa m'pamene milatho yofooka ndi madzi imasenza katundu wolemera kwambiri. Mlatho umodzi ukagwa, fodya amachedwa kufika kumsika, mtengo wa thiransipoti umakwera, ndipo odwala ndi ana asukulu amasowa powolokera.

Zizindikiro za mlatho woopsa ndi ming'alu pa zipilala, kupendekeka, dzenje pomwe msewu wakumana ndi mlatho, ndi matabwa ogwedera. Oyendetsa malole, ngolo, njinga zamoto ndi akabaza asawoloke madzi akaphimba mlatho, pakuti m'madzi amatope simuoneka ngati thabwa lachoka kapena msewu wadyeka. Ndi bwino kudikira kuti madzi aphwe, kuuyendera mlathowo wapansi, ndi kuchepetsa katundu.

Milatho ya m'misewu ikuluikulu monga M1 ndi M18 imasamalidwa ndi bungwe la Roads Authority, pamene yambiri ya m'misewu ya kumidzi ili m'manja mwa khonsolo ya boma. Aliyense woona mlatho woonongeka adziwitse mfumu ya m'deralo, apolisi kapena ofesi ya Bwanamkubwa wa Kasungu tsiku lomwelo, ndipo aike nthambi mbali zonse ziwiri za msewu pochenjeza obwera m'mbuyo.