Makamera akale a filimu ndi chimene chimawapatsa mtengo

Makamera a filimu ndi aja ojambula pa filimu yofunika kutsuka kaye kuti chithunzi chioneke, ndipo ndiwo ankagwiritsidwa ntchito a digito asanabwere. Anthu amene amawasonkhanitsa salabadira kwenikweni zaka za kamera. Kodak Brownie inatuluka mu 1900 pa mtengo wa dola imodzi, ndipo makamera a dzinali anapangidwa miyandamiyanda, moti lero ambiri mwa iwo ndi otchipa ngakhale akhala zaka zoposa 100. Chimene chimakweza mtengo ndi mbali imene kamerayo inatenga m'mbiri ya luso lojambula, komanso umboni woti ndi yeniyeniyo.

Nkhani ya Leica ikusonyeza bwino zimenezi. Oskar Barnack, mmisiri wa kampani ya Ernst Leitz ku Wetzlar m'dziko la Germany, anatenga filimu ya mamilimita 35 yojambulira makanema n'kuipangira kamera yaing'ono yoyenda nayo paliponse. Mu 1923 kampaniyo inapanga makamera oyesera opitirira pang'ono 20, ndipo Leica yoyamba inafika pamsika mu 1925. Imodzi mwa oyeserawo, nambala 122, inagulidwa pa okushoni mu 2018 ndi mayuro 2.4 miliyoni. Inzake, nambala 105, inapita pa mayuro 14.4 miliyoni mu 2022. Mapangidwe ake ndi amodzi, koma yachiwiriyi inali ya Barnack mwiniwake, ndiye wogula ankalipira dzina la mwini kamera pamwamba pa chitsulocho.

Ena amati nkhani yonse yagona pa kusowa. Kusowa kumathandizadi, koma pakokha sikukwanira. Leica M3 ya mu 1954 inapangidwa yoposa 200,000, komabe anthu amaifunafuna mpaka lero chifukwa imayenda ndi magiya ndi masipuling'i, sifuna batire, mmisiri waluso amatha kuimasula n'kuikonza, ndiponso filimu yake ikupangidwabe. Kodak Instamatic ya mu 1963 inkadalira filimu ya mtundu wa 126 imene Kodak inasiya kupanga, ndiye yambiri imangokongoletsa pashelefu. Enanso amati zonsezi ndi fasho chabe, n'kutchula Contax T2 ya mu 1990 yomwe inakwera mtengo anthu otchuka atayamba kuoneka nayo. Mfundoyi ili ndi choonadi ndithu, kungoti kamera imeneyi imadalira zipangizo zamagetsi zomwe zikafa n'zovuta kupeza zina, choncho mtengo wake ulibe maziko olimba ngati wa M3.

Pomwe pali ndalama, akamberembere sasowa. Makamera a FED ndi Zorki a ku Soviet Union anatengera mapangidwe a Leica, ndipo ena mwa iwo anadzalembedwa dzina la Leica mwachinyengo. Wofuna kugula ayambe wayerekeza nambala ya pa kamerayo ndi kaundula wa fakitale asanatulutse ndalama.