Mmene ku Gulupu anatulukira chopha ana a malungo a muubongo

Ife amene tinakula kale tikukumbukira kuti dzinja likafika, mwana akakomoka ndi malungo, amayi ankayamba kulira maliro asanachitike. Ena ankati ndi ufiti. Ngakhale madokotala, mankhwala ankapereka ndithu, koma chenicheni chimene chinkadula mpweya wa mwanayo sankachidziwa. Lero ndifuna ndikukumbutseni, awerengi anzanga, mmene yankho lake linapezekera konkuno ku Blantyre.

M'chaka cha 1986, Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayamba kugwira ntchito ndi Dr Malcolm Molyneux wa ku Liverpool pa chipatala cha Gulupu. Pofika 1989 anali atakonza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale, woyambira 0 kulekeza 5, woona mmene mwana akuyendetsera maso, akulirira ndiponso akumvera kuwawa. Muyesowu ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, dzina la mzinda wathu lili pomwepo.

Sukulu ya madokotala ya College of Medicine itatsegulidwa mu 1991, ntchitoyi inapeza khomo. Mu 1996 anayamba kupima mitembo ya ana omwalira ndi nthendayi. Apatu m'pamene mtima wanga umaima. Tangoganizani, mwana wangotsikira kuli chete, wina n'kudzapempha kuti aone m'mutu mwake! Koma makolo ena anavomera. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2004, zinadabwitsa anthu: mwa ana 31 amene ankati afa ndi malungo a muubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Zinaonekanso kuti kuyang'ana mkati mwa diso, njira imene dokotala wa maso Susan Lewallen anaithandizira kutulukira, kumasiyanitsa malungo enieni a muubongo ndi matenda ongofanana nawo.

Makina a MRI ojambula ubongo atafika mu 2008, chinsinsi chinayamba kuululika. Mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake analengeza kuti mwa ana 168 amene anawajambula, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwowa ubongo wao unali utatupa kwambiri. Paja chigaza sichitambasuka ayi. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, n'kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma, basi mwana n'kuleka kupuma.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga ili analisenza a ku America, a ku Britain, madokotala ndi anamwino a Chimalawi amene ankachezera usiku m'mawodi. Koma ine ndikuti mzati wake anali makolo aja, amene maina ao simungawapeze m'buku lililonse. Anapereka chilolezo misozi ili m'masaya, kuti ana a anzao adzapulumuke. Polemba mbiri ya zachipatala m'dziko muno, chonde tisadzawasiye kunja.