Mlongoti wa eriyo ndi nsanja ya foni: kumene tachokera ndi kanema kuno kumapiri

Dzulo ndimasintha mlongoti wa eriyo umene chiswe chadya, ndiye ndakumbuka kumene tachokera ndi kanema kuno ku Dowa ndi Ntchisi.

Ana a lero sakhulupirira, koma nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Maliro ake mu 1997 tinangomvera pa MBC, titazungulira kawailesi pansi pa mtengo wa mango. TVM inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi. Komatu kutsegula ku Blantyre n'kwina, kufika kuseri kwa phiri n'kwinanso.

Mafunde a kanema amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri likatchinga, basi. Anzathu apamtunda ankaona bwino, ife a m'chigwa mchenga wokhawokha. Tinkamanga nsungwi pamwamba pa bulugama, mnyamata panja akupotoza, ife m'nyumba tikukuwa: "Bwerera pang'ono! Pomwepo, usagwedezenso!" Batire la galimoto tinkapita nalo pa njinga kukatchajitsa ku Mponela. Maliro a Bingu wa Mutharika ku Ndata mu Epulo 2012 tinaonera choncho, nyumba itadzaza, ena akusuzumira pa windo.

Zaka zomwezo mafoni a m'manja anali akufalikira. Inayamba TNM, kenako Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Mukukumbuka kuti foni ikakhala pafupi ndi kanema, sipika inkayamba "tu-tu-tu" foniyo isanalire? Mayi anga ankati kanemayu ndi mlosi. Chinali chizindikiro choyamba chakuti awiriwa amalima munda umodzi.

Mundawo uli mumlengalenga, ndipo uli ndi malire. Nyakwawa yogawa malirewo kuno kwathu ndi MACRA. Mu 2006 mayiko anagwirizana ku Geneva kuti pofika pa 17 Juni 2015 kanema asamukire ku dijito. Ndiye kubwera kwa dikoda ya Kiliye Kiliye kuja. Dijito imapanikiza masiteshoni ambiri pamalo pamene kale pankakwana imodzi. Malo otsala, amene amawatchula 700 ndi 800 MHz, mayiko anagwirizana kuti apite ku mafoni. Choncho intaneti imene mukuwerengera uthengawu ndi yoyandikana malire ndi kanema wanu.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Atamanga nsanja ya foni pachitunda chathu tinasangalala, poti tinasiya kukwera pachulu kukayimba foni. Koma kanema anayamba kuduka timabokosi, kenako zii. Dijito ilibe za mchenga ayi: kaya chithunzi choyera, kaya palibiretu. Ndinakayikira aneba kuti sola yawo yatsopano ndi imene ikusokoneza, mpaka tinakhala sabata osapatsana moni. Lero ndikaganiza ndimachita manyazi.

Anandimasula ndi mwana wa mlongo wanga, wophunzira zamagetsi. Anangoloza busita imene mwana wanga ananditumizira kuchokera m'tauni. Akuti: "Malume, busita sisankha. Imakweza zonse, ndiye mafunde amphamvu a nsanja yapafupiyi akuyitsamwitsa, a kanema ochokera kutali akumira." Tinaichotsa, tinasintha chingwe chimene chinamwa madzi, tinaloza eriyo bwinobwino. Anatinso zikapitirira pali kasefa kamene amamangira pachingwe busita isanafike, kotchinga mafunde a foni. Madzulo omwewo nkhani zinabwerera, ndipo ndinapita ndekha kukawaitana aneba aja kuti tidzaonere limodzi.

Ndiye inu a m'tauni, musamatiseke kuti bwanji osangogula dishi. Mlimi ndalama amaiona akagulitsa soya, mtedza kapena fodya, kamodzi pachaka, osati mwezi ndi mwezi. Eriyo ndiye chitseko chathu choonera Nyumba ya Malamulo, zanyengo ndi Flames. Musanatumize busita, funsani kaye ngati nsanja ili pafupi. Ndipo inu a kumudzi, kanema akaduka musathamangire kuloza mnzanu chala. Yambani mwayang'ana chingwe, busita ndi kumene eriyo yaloza.

Foni tikuifuna, kanema tikumufunanso. Chachikulu malire asamalidwe, monga timachitira ndi mizere ya kumunda. Nanga inu a ku Malomo, Madisi ndi Mvera, kanema woyamba munamuonera kwa yani? Tiuzeni.