Madzulo a Kale ndi Kubwera kwa Wayilesi

M'nyengo ya chilimwe, chisanu cha mwezi wa July chitatha, mitengo ya m'nkhalango itaphuka masamba ofiirira, chimanga nacho chitalowa m'nkhokwe, makolo athu ankasonkhana pabwalo madzulo, ndipo agogo ankayamba nthano, adzukulu navomereza, kufikira tulo titawagonjetsa mmodzimmodzi. Mabuku anali osowa ndithu. Koma pakhomo pamene panali Buku Lopatulika, lomwe linasindikizidwa lathunthu m'chaka cha 1922, kapena Nthondo wa a Samuel Ntara, mwana wodziwa kuwerenga ankakhala pafupi ndi koloboyi nawerengera akulu ake mokweza, utsi ukumuwawa m'maso.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyo anafika m'chaka cha 1949, pamene kampani ya Ever Ready inayamba kugulitsa kawayilesi kotsika mtengo, kopangidwa ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhula Chinyanja pamodzi ndi zinenero zina. Mphunzitsi kapena kalaliki amene anakagula sanadyenso nsima yekha, pakuti mudzi wonse unkadzaza khonde lake. Ndipo ine ndiyesa kuti agogo a nthano ndiwo anayamba kumva kuwawa kwa kalumoko.

Nyumba youlutsira mawu ya dziko lathu, MBC, inayamba m'chaka cha ufulu, 1964. Koma wayilesi yakanema, imene boma la a Kamuzu Banda silinaikhazikitse, inadikira mpaka 1999, ndipo ngakhale pamenepo inafika m'nyumba zamagetsi zokha, makamaka za m'tauni.