Kuchokera kundende kufika kuchipatala: mbiri ya odwala maganizo m'Malawi

Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo. Ankatanthauza kuti munthu amene mudzi wonse umamuseka akhoza kukhala ndi mawu opulumutsa mudziwo. Koma tikayang'ana mbiri ya dziko lathu, tikupeza kuti boma linayamba kusamalira munthu wotereyu pomutsekera, ndipo zizindikiro za chiyambi chimenechi tikadali nazo.

M'chaka cha 1910, boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala ku Zomba, lomwe linali likulu la Nyasaland. Malowa anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira anali omwewo oyang'anira akaidi. Ambiri amene ankalowetsedwamo anali oti apalamula mlandu kapena akuoneka oopsa pakati pa anthu. Cholinga chinali kuteteza mtendere wa kunja kwa mpanda. Kuchira kwa wodwalayo kunkabwera pambuyo. Odwala ena onse ankatsala m'manja mwa abale awo ndi asing'anga kumudzi.

Mu 1936, madokotala awiri a boma, Shelley ndi Watson, anasindikiza kafukufuku wa odwala a ku Zomba. Iwo ankaganiza kuti sukulu ndi moyo wachizungu ndizo zinkasokoneza mitu ya anthu akuda. Maganizo otere ankaphimba funso lalikulu. Inali nthawi ya msonkho wa nyumba ndi thangata, pamene amuna zikwizikwi ankapita ku Halale ndi ku Joni, kusiya akazi ndi ana kwa zaka. Kodi mtima wa munthu ungasenze zonsezi osatopa?

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu 1948 kunakhazikitsidwa lamulo lotchedwa Mental Treatment Act, ndipo mu 1953 chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa, odwala n'kuchoka m'manja mwa andende kupita m'manja mwa azaumoyo. M'zaka za m'ma 1950 momwemo dziko lapansi linayamba kugwiritsa ntchito mankhwala monga chlorpromazine, omwe anathandiza odwala ambiri kudekha ndi kubwerera kwawo. Komabe mthunzi wa ndende sunachoke. Gawo 229 la malamulo a milandu, omwe tinatengera kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu. Munthu wothedwa nzeru akapulumuka ku imfa, ankakumana ndi wapolisi asanakumane ndi mlangizi.

Titalandira ufulu mu 1964, atsogoleri athu anatengera chipatala chimodzi chachikulu cha dziko lonse. Banja la ku Karonga kapena ku Nsanje linkayenera kuyenda mtunda wautali kuti mwana wawo aonedwe, ndipo mawu oti "wapita kumento" anasanduka chipongwe. Pambuyo pake kunabwera chipinda cha odwala maganizo ku Bwaila mu Lilongwe, ndipo m'zaka za m'ma 1990 a St John of God anayamba ntchito yawo ku Mzuzu, komwe amaphunzitsanso ogwira ntchito za thanzi la maganizo. Zipatala za m'maboma zinalandira anamwino odziwa matendawa. Izi n'zoyamika, koma ndalama sizinatsatire. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, pamene kwathu kuno gawo lopita ku matenda a maganizo lakhala pafupifupi 1 peresenti ya ndalama za zaumoyozo. Lamulo la 1948 linadutsa ulamuliro wa chipani chimodzi, linaona referendamu ya 1993, ndipo maboma angapo analowa ndi kutuluka lilipobe. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano mu 2025, patatha zaka 77.

N'chifukwa chiyani mbiri imeneyi ikutikhudza lero? Chifukwa katundu amene anthu akusenza walemera. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chimanga, feteleza ndi mafuta n'kukwera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, anthu opitirira 500,000 n'kusowa pokhala. Apolisi akhala akunena kuti chiwerengero cha odzipha chikukwera, ambiri mwa iwo amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Monga m'nthawi ya thangata, chuma chikasokonekera, mitima nayo imasweka.

Lamulo latsopano ndi chiyambi chabwino, koma pepala silichiritsa. Utsogoleri udzayesedwa ndi zinthu zooneka: ngati mankhwala a khunyu ndi misala akupezeka pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ngati namwino wophunzira matendawa akusiyidwa kuti agwire ntchito yake, ngati aphungu athu akufunsa za gawoli bajeti ikamakambidwa. Tili ndi ufulu wowafunsa, ndipo tiwafunse.

Nafenso tisadziiwale. Ndende ya 1910 inasamukira m'makomo ena, komwe wodwala amamangidwa unyolo kuseri kwa nyumba poopa manyazi. Wovutika mumtima nthawi zambiri amayamba wafika kwa shehe, kwa mbusa kapena kwa mfumu asanaganize za chipatala. Atsogoleri amenewa akamupempherera, amuperekezenso kwa dokotala. Zinatitengera zaka 43 kuti tichotse wodwala m'ndende ndi kumugoneka pabedi la chipatala. Tisalole kuti padutse zaka zinanso zotere tisanayambe kumumvetsera.