Saizi ya mawaya a magetsi ndi waya wa earth m'madera a fodya ku Kasungu

Saizi ya waya wa magetsi ndi kunenepa kwa kopa kapena aluminiyamu amene ali m'kati mwa pulasitiki wokuta wayayo. Kuno ku Malawi saiziyi imayezedwa mu mm², ndipo nambala zodziwika m'masitolo ndi 1.5, 2.5, 4, 6, 10, 16 ndi 25. Waya wa earth ndi uja amalumikiza zitsulo za zipangizo ndi nthaka, kuti magetsi akasochera athawire pansi m'malo modutsa m'thupi la munthu. Pachidikha cha Kasungu zinthu ziwiri zimalamulira ntchito yoika mawaya kuposa china chilichonse: kutalikirana kwa nyumba, mashedi ndi zitsime pa esiteti, komanso dothi lamchenga lomwe limauma gwa m'chilimwe.

Mbiri

Malamulo oika mawaya amene amisiri ambiri a kuno amaphunzira anachokera ku Britain. Buku loyamba la malamulowa linatuluka mu 1882. Mu 1992 anawapatsa dzina lakuti BS 7671, ndipo mu 2018 anawasindikiza kachi 18. Chizindikiro cha ubale umenewu chimaoneka pakhoma la nyumba iliyonse yamagetsi: soketi ya mabowo atatu amakona, ndipo bowo lapamwamba ndi la earth. Magetsi a m'nyumba ndi 230 V pa 50 Hz, pomwe a three phase, oyendetsa zigayo ndi mapampu akuluakulu, ndi 400 V.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire. Nkula A inayamba mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Motero magetsi ofika ku Kasungu amakhala atayenda mtunda wautali pa nthambo zamphamvu, mpaka pa siteshoni ya Chinyama, pomwenso mu 2018 panaikidwa majenereta a dizilo pa nthawi ya kuthimathima kwa magetsi. Kuchoka pa masiteshoni, nthambo za 33 kV ndi 11 kV zimapita ku mathiransifoma a m'matauni ndi m'maesiteti.

Kale magetsi ankathera pa boma ndi pa malo akuluakulu ochepa, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama yomwe inatsegulidwa mu 1981. Ndondomeko ya MAREP, yomwe inayamba mu 1980, ndiyo yakhala ikufikitsa mapolo m'malo ochitira malonda akumudzi. Malamulo a zamphamvu a 2004 anakhazikitsa bungwe la MERA, lomwe limapereka ziphaso kwa oika mawaya. Kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi pa Shire ili m'manja mwa EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi yowatumiza ndi kuwagawa. Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuchoka pamenepo kulowa m'nyumba, zonse ndi za mwininyumba ndi mmisiri wake.

Mitundu ya mawaya nayo ili ndi mbiri yake. Wakale ndi wofiira kwa live ndi wakuda kwa neutral. Britain inasintha pakati pa 2004 ndi 2006, n'kuyamba wabulauni ndi wabuluu. M'nyumba za kuno mitundu yonse iwiri imapezeka, nthawi zina m'bokosi limodzi. Wa earth ndi wobiriwira wamizere yachikasu, kapena wobiriwira yekha m'nyumba zakale.

Kusankha saizi

Waya akanyamula magetsi oposa msinkhu wake amatentha, pulasitiki amafewa, kenako pamachitika shoti. N'chifukwa chake breaker imasankhidwa kuti iteteze wayayo: isakhale yaing'ono kuposa magetsi amene zipangizo zikukoka, isakhalenso yaikulu kuposa amene waya angapirire. Mwachizolowezi 1.5 mm² ndi wa mababu, 2.5 mm² wa masoketi, 6 mm² wa kuka, ndipo 16 mm² amachoka pa mita kupita pa DB, bokosi lija logawa magetsi. Manambalawa amasintha waya akadutsa malo otentha, monga kudenga la malata mu Okutobala, kapena akathithikana ambiri mu paipi imodzi. Aluminiyamu amanyamula magetsi ochepa kuposa amene kopa wofanana naye anganyamule, choncho amafunika wonenepa.

DB yachiwiri ndi mtunda

Pa esiteti magetsi amafika pa nyumba yaikulu kapena pa ofesi, ndipo kuchoka apo amakokedwa kupita ku shedi yosankhira fodya, ku nyumba za antchito kapena ku pampu. Kumeneko kumaikidwa DB yachiwiri, yaing'ono. Vuto lalikulu pamenepa ndi kufooka kwa magetsi m'njira. BS 7671 imalangiza kuti asatsike kupyola 3 pa 100 kwa mababu, omwe ndi 6.9 V, ndi 5 pa 100 kwa zina zonse, omwe ndi 11.5 V.

Shedi ikakhala pa mamita 60 ndipo ikukoka 20 A, waya wa kopa wa 2.5 mm² amataya pafupifupi 21.6 V asanafike, ngakhale kuti pafupi akanatha kunyamula magetsi omwewo. Wa 6 mm² amataya 8.8 V, wa 10 mm² amataya 5.3 V. Ngati m'shedimo muli mababu, woyenera ndi wa 10 mm². Zizindikiro za waya wochepa alimi amazidziwa: babu limafiira pampu ikangoliza, mota imang'ung'udza osazungulira, kenako imapsa.

Waya wopita ku DB yachiwiri akakwiriridwa pansi amakhala wa armoured, wokutidwa ndi timawaya tachitsulo. Amayalidwa pa mchenga m'ngalande yozama ndithu, pamwamba pake n'kuikapo tepi yochenjeza, kuopa khasu ndi pulawo. Mu DB yachiwiri neutral ndi earth amakhala pa zitsulo zosiyana, ndipo salumikizidwa.

Waya wa earth

Lamulo lachidule la BS 7671 likuti waya wa live akakhala 16 mm² kapena kucheperapo, wa earth afanane naye. Akapyola 16 mpaka 35 mm², wa earth akhale 16 mm². Akapyola 35 mm², wa earth akhale theka. Wocheperapo amaloledwa pokhapokha atawerengera, monga kebulo ya twin and earth ya 2.5 mm² yomwe earth yake ndi 1.5 mm². Waya wopita ku ndodo ya earth yokhomedwa m'nthaka akakwiriridwa popanda paipi yomuteteza asachepere 16 mm² ngati ali wokutidwa, kapena 25 mm² ngati ndi kopa wosakutidwa.

Ndodoyo ndi yachitsulo yokutidwa kopa, kawirikawiri ya mamita 1.2, ndipo zingalumikizidwe ziwiri kuti izame. Imayezedwa ndi makina, ndipo BS 7671 imachenjeza kuti ikapyola ma ohm 200 siyodalirika. Ndodo payokha singagwetse breaker wamba. Pafunika RCD, imene ambiri amaitcha earth leakage, yomwe imadula magetsi akangothawa 30 mA.

Mmene zimachitikira ku Kasungu

Amisiri a ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Chinkhoma satchula mm² pogula. Amangoti "wan'poyinti faifi", "thu poyinti faifi", "sikisi", wogulitsa n'kumva. Ntchito yawo imachuluka misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo, chifukwa ndi pamene mlimi amakhala ndi ndalama zokokera magetsi, kugula pampu kapena kuyambitsa chigayo.

Nthawi imeneyo nthaka imakhala idakali ndi chinyezi cha mvula, ndipo ndodo yokhomedwa pamenepo imaonetsa manambala abwino. Pofika Okutobala mchenga wauma mpaka pansi, ndodo yomweyo yafooka. Mmisiri wodziwa dera lake amayang'ana kaye malo: mbali yotsetserekera kudambo, kuseri kwa nyumba komwe dzuwa silifika kwambiri, kapena pomwe dothi ndi lofiira lakatondo. Akapeza mchenga wokhawokha amazamitsa ndodo, kapena kukhoma zingapo motalikirana n'kuzilumikiza. Ambiri amakumba dzenje n'kuthiramo makala osinja ndi mchere, kenako madzi. Makala amasunga chinyezi, koma mchere umadya chitsulo ndipo umakokoloka ndi mvula, motero dzenje lotere limafuna kuyezedwa chaka ndi chaka. Pamutu pa ndodo pamamangidwa kabokosi ka simenti kokhala ndi chivindikiro, kuti kilampu izioneka ndipo ana kapena mbuzi asadule waya.

Posankha fodya kuwala n'kofunika, chifukwa mtundu wa tsamba ndiwo umapereka giredi. Koma m'shedi ndi m'chigafa muli masamba ouma, ziguduli, fumbi la fodya, ndipo nthawi zina denga ndi laudzu. Waya wopota ndi manja n'kumatidwa tepi pamalo otere ndi chiyambi cha moto. Amisiri osamala amadutsitsa mawaya m'mapaipi, kuwateteza ku makoswe ndi chiswe, ndipo pafupi ndi mabani owotchera fodya wa flue amawatalikitsa ku chumuni. Mizati yachitsulo, thanki ndi mapaipi achitsulo a pachitsime zonse zimalumikizidwa ku earth.

Pogula waya, odziwa amadula kachidutswa n'kukapala ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati. Akaonetsa kuyera, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, ndipo mpukutu wake umapepuka m'manja. Ena amafunsanso ngati wayayo anavomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards. Kopa amakopanso akuba, choncho waya wa earth wa panja amabisidwa m'paipi yokhomedwa kukhoma. Dzinja likayamba mu Novembala, mphenzi zimachuluka pachidikhachi, koma waya wa earth wa m'nyumba sanapangidwire mphenzi. Chitetezo cha mphenzi chimaikidwa pachokha.

Kufunika kwake

Pamene magetsi akufalikira m'madera a fodya, kusankha waya molingana ndi mtunda ndi kuyeza ndodo ya earth m'chilimwe kungathandize kuchepetsa ngozi za nyesi, kupsa kwa mamota ndi moto wa m'mashedi.