Njira ya ndodo m'masewero a baseball

Baseball ndi masewero amene sanafale m'Malawi muno, koma luso lake lomenyera mpira angaliyese aliyense, ngakhale mnyamata wa ku Kauma amene ali ndi mpini wa khasu ndi kampira ka tenisi. Gwero la lusoli ndi njira imene ndodo imadutsa pokakumana ndi mpira, ndiponso m'mene njirayo imasinthira mpira ukabwera m'mwamba kapena m'munsi.

Woponya amaima pa kachulu kotalika masentimita 25, pa mtunda wa mamita 18.44 kuchokera pamene pali womenya, ndipo kawirikawiri amaponya dzanja lili pamwamba pa phewa. Motero mpira umafika ukutsika, ngakhale maso aone ngati ukubwera mowongoka. Wothamanga makilomita 150 pa ola satha ndi theka la sekondi lomwe.

Kale aphunzitsi ambiri ankati ndodo izitsika ngati nkhwangwa powaza nkhuni. Ted Williams wa timu ya Boston Red Sox, amene mu 1941 anamenya bwino maulendo 406 pa 1,000 alionse, anatsutsa zimenezi m'buku lake, The Science of Hitting. Mfundo yake inali yakuti ndodo izikwera pang'ono, kutsata njira yomwe mpira ukutsikira. Ikatero, ndodo imayenda m'njira ya mpira kwa kanthawi, ndipo womenya akachedwa kapena kufulumira pang'ono amaupezabe. Ndodo yotsika imangodutsana ndi mpira pamalo amodzi. Pakaphonyeka pamenepo, basi.

Chovuta n'chakuti mipira sifika pamsinkhu umodzi. Malamulo amalola woponya kulunjika paliponse kuyambira m'mawondo mpaka cha pachifuwa. Apa ongoyamba kumene amalakwa pofuna kutsata mpira ndi manja okha, mikono n'kutalikirana ndi thupi, mphamvu n'kuthera panjira. Akatswiri amasintha thupi. Mpira ukabwera m'mawondo, womenya amawerama m'chiuno, phewa lakumbuyo limatsika, ndipo mutu wa ndodo umayenda m'munsi kwambiri mwa manja, monga amachitira munthu wotchetcha udzu ndi chikwakwa. Ukabwera pachifuwa, msana umawongoka, mapewa amazungulira pafupifupi mofanana, ndodo n'kuyenda mogona. Ponseponse chiuno chimayamba kutembenuka, mapewa n'kutsatira, manja pambuyo; chosintha ndi kupendekeka kwa msana. Mutu suyenera kugwedezeka, chifukwa maso akasuntha mpira umatayika.

Williams yemwe anavomereza kuti mpira wa m'munsi, wotalikirana ndi thupi, unkamuvuta kuposa ina yonse.

Kuyambira mu 2015, pamene ligi ya Major League Baseball inaika makina a Statcast oyeza m'mene mpira ukuchokera pandodo, omenya ambiri anayamba kukweza ndodo mopitirira pofuna kuulutsa mpira kunja kwa bwalo. Oponya sanachedwe kuyankha: anayamba kuponya mipira yaliwiro cha pachifuwa, pamene ndodo yokwera kwambiri imangodutsa pansi pake.

Mu Africa masewerowa ndi odziwika ku South Africa ndi ku Uganda. Gift Ngoepe wa ku South Africa ndiye woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi imeneyi. Pa 26 Epulo 2017, atavala yunifomu ya Pittsburgh Pirates, anamenya mpira wa Jon Lester wa Chicago Cubs pa ulendo wake woyamba, n'kufika pa chigono choyamba.